Kuika zoimbira m'galimoto yaing'ono popanda kutha malo a katundu

Magalimoto ang'onoang'ono amene adzaza m'misewu ya Chipata, monga Vitz, Passo, March ndi Fit, ali ndi zinthu ziwiri zochepa: buti ndi magetsi. Anthu ambiri amangoganizira za buti. Amagula bokosi lalikulu la sabuwufa (sipika ya mawu a besi) ya mainchesi 12, buti yonse n'kutha, thumba la ufa n'kumakhala pamiyendo ya wokwera. Kenaka usiku nyali zimayamba kuphethira ng'oma ikagunda, chifukwa batire la magalimoto amenewa nthawi zambiri ndi laling'ono, la NS40, losunga magetsi pafupifupi 35Ah.

Yambani ndi wailesi. Wailesi yobwera ndi galimoto kuchokera ku Japan imagwira FM kuyambira 76 mpaka 90 MHz, pomwe kuno mawailesi amaulutsa pakati pa 87.5 ndi 108. Ikani ina, koma musadule mawaya a galimoto. Pali cholumikizira chokonzedwa kale cha mtundu uliwonse wa galimoto, chongolowetsa.

Ndalama zoyamba zipite ku masipika a m'zitseko zakutsogolo, chifukwa mawu a woimba amachokera kumeneko. Masipika a mainchesi 6.5 amakwana m'zitseko zambiri. Musanagule, tsitsani galasi mpaka pansi ndi kuyeza kuya kwa malowo, apo ayi maginito a sipika adzagunda galasi. Pa Toyota zambiri sipika yakale imagwidwa ndi mariveti, ofunika kuwaboola ndi dirilo. Mphete yokwezera sipika ikhale ya pulasitiki. Ya thabwa la MDF imafufuma, popeza madzi amalowa m'chitseko nyengo ya mvula.

Sabuwufa yabwino kwa galimoto yotere ndi yophwatalala ya mainchesi 8, yokhala ndi ampulifaya m'kati mwake, yolowa pansi pa mpando. Kutalika kwake kumakhala masentimita 7 kapena 8. Yezani mpando uli kutsogolo, yezaninso uli kumbuyo. Pansi pa mpando mukaona zolumikizira zachikasu, zimenezo ndi za airbag, zisiyeni. Pa magalimoto a hybrid, waya wa mtundu wa lalanje ndi wa magetsi amphamvu kwambiri, osaukhudza n'komwe.

Pa katoni pamalembedwa 1000W kapena 2000W ndi zilembo zikuluzikulu. Nambala imeneyo ndi yokopera ogula. Yoona ndi yolembedwa RMS, imene imasonyeza mphamvu yotuluka mosalekeza, ndipo mawati 120 mpaka 150 a RMS amadzaza Vitz bwinobwino. Ampulifaya ya mawati 300 a RMS imakoka ma ampea opitirira 25 ikamaimba mokweza, ndipo magetsi amenewo akulimbirana ndi nyali, fani ndi eyakoni.

Pa mawaya ndi pamene ntchito zambiri zimawonongekera. Chotsani kaye waya wa negetivi pa batire. Waya wa magetsi wochokera ku batire kupita ku sabuwufa ukhale wa geji 8 (muyeso wa kunenepa kwa waya), wa kopa weniweni. Wotsika mtengo uja wolembedwa CCA ndi aluminiyamu wopaka kopa pamwamba. Umatentha msanga ndiponso umafumbutuka pa mfundo. Mukaupala ndi mpeni mudzaona kuyera m'kati. Fyuzi iikidwe pasanathe masentimita 30 kuchokera pa batire. Ntchito yake ndi kuteteza waya wonsewo, chifukwa waya ukakhulika n'kukhudza chitsulo pakati panjira, fyuzi imene ili pa sabuwufa singaletse moto. Podutsa kuchokera ku injini kulowa m'kati, wayayo apyole pa kabowo kokhala ndi labala. Waya wa ethi, wochokera ku sabuwufa kupita ku chitsulo cha galimoto, ukhale waufupi, wosapitirira masentimita 45, wonenepa ngati wa magetsi, ndipo pomangirapo mupale penti mpaka chitsulo chiwale. Baluti la lamba wa mpando kapena la mpando weniweniwo si malo a ethi.

Mluzu umene umamveka m'masipika n'kumakwera mukaponda mafuta umachokera ku aluteneta. Kawirikawiri chifukwa chake ndi ethi yosagwira bwino, kapena mawaya a RCA (otenga mawu ku wailesi kupita ku sabuwufa) amene agonekedwa pamodzi ndi waya wa magetsi. Wa magetsi udutse mbali imodzi ya galimoto, a RCA mbali inayo. Waya wa rimoti, wabuluu wa mzere woyera, umene umayatsa ndi kuzimitsa sabuwufa, uchokere ku wailesi. Ena amaulumikiza ku batire mwachindunji, sabuwufa n'kugona ili choyaka mpaka batire kutha, m'mawa n'kudabwa kuti galimoto ikukana kulira.

Sabuwufayo imangidwe ndi mabulaketi, koma onani kaye kunsi kwa galimoto musanaboole, chifukwa mapaipi a mafuta ndi a mabuleki amadutsa pomwepo. Pa Honda Fit, thanki ya mafuta ili pansi pa mipando yakutsogolo, choncho pamenepo osaboola. Amene amayenda misewu yafumbi ya kumidzi ku Chadiza kapena ku Vubwi azikungitsanso masikuluwu pakapita mwezi. Sabuwufayo musaiphimbe ndi kapeti. Kutentha kwa Okutobala kumaizimitsa yokha.

Pomaliza pake ndi kuchuna. Ikani fyuluta ya sabuwufa pa 80 Hz kuti iziimba mawu otsika okha, ndipo masipika a m'zitseko aziimba kuyambira 80 Hz kupita m'mwamba. Kabatani kolembedwa gain si voliyumu. Katsitseni konse, kwezani wailesi kufika magawo atatu mwa anayi, kenaka kwezani gain pang'onopang'ono. Mawu akangoyamba kusasa, bwezani pang'ono. Ngati ng'oma ikumvekabe yopanda mphamvu, sinthani batani la phase kuchoka pa 0 kupita pa 180, mumvetserenso muli pa mpando wa dalaivala, zitseko zili zotseka.