Kufufuza zitsulo zochokera kunja sikutanthauza kuti zaletsedwa

Zikangomveka kuti boma layamba kufufuza zitsulo za hot rolled (zomwe amazisula pa makina zili zotentha kwambiri) zochokera kunja, mphekesera imawanda yoti zitsulozo n'zosalimba ndipo zaletsedwa. Ayi ndithu, nkhani yagona pa mtengo. Ofufuza amafuna kudziwa ngati kampani yopanga zitsulozo ikugulitsa kunja motchipa kuposa kwawo, komanso ngati zimenezo zikupwetekadi mafakitale a dziko lomwe zitsulozo zikulowa. Palibe amene amapinda chitsulo kuti aone kulimba kwake. Iwo amapenda malisiti ndi mabuku a ndalama.

Malamulo a WTO, bungwe loona za malonda pakati pa mayiko, amati kafukufukuyu athe m'miyezi 12, akachedwa isapitirire 18. Kusiyana kwa mitengo kukachepera 2 peresenti, nkhani imathera pomwepo. Vuto likapezeka, zitsulo zimalowabe, koma ndi msonkho wowonjezera womwe umatha pakapita zaka 5 ngati sanauunikenso.