Montmartre, phiri la amphawi limene linalera akatswiri ojambula

Kumpoto kwa mzinda wa Paris kuli kaphiri kotchedwa Montmartre, ndipo lero alendo amakwerako unyinji tsiku ndi tsiku kukaona kumene Renoir, Van Gogh ndi Picasso ankagwirira ntchito. Koma chimene chinakokera akatswiriwa kuphiriko si kukongola kwa malo ayi. Unali umphawi wawo, komanso umphawi wa anthu amene anawapeza kumeneko.

Kufikira chaka cha 1860, Montmartre unali mudzi pawokha, kunja kwa mpanda umene anamanga kuzungulira Paris m'zaka za m'ma 1780 n'cholinga chotolera msonkho pa katundu wolowa mumzinda. Vinyo akadutsa pachipata ankakwera mtengo, choncho omwa ankatuluka kukamwera kunja. Malo omwera ndi ovinira anachuluka m'munsi mwa phiri. Pamwamba panali minda ya mpesa ndi zigayo zoyendera mphepo, pansi pali migodi ya miyala yopangira pulasitala. Kenaka pakati pa 1853 ndi 1870, Haussmann, mkulu wa boma woyang'anira mzindawo, anagwetsa nyumba zakale za pakati pa Paris pofuna kulambula misewu ikuluikulu. Lendi inakwera, anthu wamba n'kuyamba kusamukira kumphepete. Ambiri anakathera kuphiri kuja: amayi ochapa zovala, osoka, omanga nyumba, aganyu.

Anthu amenewa sanali ogona. Prussia, dziko la Ajeremani, itagonjetsa France, boma la France linatuma asilikali mbandakucha wa pa 18 Malichi 1871 kukalanda mizinga imene inali paphiripo, yomwe yambiri anthu a mumzinda anagula ndi ndalama zosonkherana. Asilikali anafika, koma akavalo okokera mizinga anachedwa. Kunja kukuyera, amayi anatuluka m'nyumba n'kuwazungulira, ndipo atalamulidwa kuwombera, asilikaliwo anakana. Umu ndi mmene unayambira ulamuliro wa anthu wamba wotchedwa Commune, umene unatha kumapeto kwa Meyi chaka chomwecho, anthu zikwizikwi ataphedwa m'sabata imodzi. Mu 1875 anayamba kumanga tchalitchi choyera mbee cha Sacré-Cœur pansonga pa phiri lomwelo, n'kuchipatula mu 1919. Kwa ena ndi nyumba ya mapemphero basi. Kwa ena ndi chidindo cha opambana pa malo amene amphawi anadzukira, ndipo mkanganowu sunazime. Bwalo la m'munsi mwa tchalitchicho tsopano limadziwika ndi dzina la Louise Michel, mphunzitsi wa ku Montmartre amene anamenya nawo nkhondo kumbali ya Commune.

Akatswiri anafika mabala asanapole. Mu 1876 Renoir anajambula gule wa pa Moulin de la Galette, pamene anyamata ndi atsikana apantchito ankakavina Lamulungu masana, dzuwa likudontha pakati pa masamba n'kugwera pa zipewa ndi madiresi awo. Van Gogh anakhala ndi mng'ono wake Theo mumsewu wa Lepic kuyambira 1886 mpaka 1888. Toulouse-Lautrec anatchukitsa ovina a ku Moulin Rouge, nyumba ya zisangalalo imene inatsegulidwa mu 1889.

Koma amene amandikhudza mtima ndi Suzanne Valadon. Anabadwa mu 1865 ndipo anakulira ku Montmartre ndi mayi ake, amene ankadya za thukuta pochapa ndi kukolopa m'nyumba za eni. Ali mtsikana analowa gulu la masewero odumpha pazingwe, koma anagwa n'kuvulala. Kuti apeze chakudya, anayamba kuima maola ambiri osagwedezeka kuti akatswiri azimujambula. Nkhope yake ili m'zithunzi za Renoir ndi Toulouse-Lautrec. Pamene iwo ankamuyang'ana, iyenso maso anali pa manja awo, kuona mmene akugwirira burashi ndi kusakaniza penti. Sanalowepo sukulu ya zojambula. Degas, katswiri wina wojambula, ataona zimene ankajambula ndi pensulo, anagulako zina n'kumulimbikitsa, ndipo mu 1894 ntchito zake zinaonetsedwa pa chionetsero cha Société Nationale des Beaux-Arts. Amayi a m'zithunzi zake ndi amayi enieni, a miyendo yotopa ndi matupi a anthu ogwira ntchito, osawakometsera kuti asangalatse ogula. Mwana wake, Maurice Utrillo, nayenso anatchuka pojambula misewu ya paphiripo.

Picasso anadzakhala kumeneko mu 1904, m'chinyumba chamatabwa chotchedwa Bateau-Lavoir, chozizira koopsa m'nyengo yachisanu, chokhala ndi mpopi umodzi wokha wa anthu onse. M'menemo ndi mmene anajambulira chithunzi chake chotchuka cha Les Demoiselles d'Avignon mu 1907. Patangopita zaka zochepa, ambiri mwa akatswiriwa anatsikira ku Montparnasse, dera lina la Paris, ndipo chinyumbacho chinapsa ndi moto mu 1970.

Lero lendi ya ku Montmartre munthu wochapa zovala sangaikwanitse. Pa bwalo la Place du Tertre ojambula amadikira alendo kuti awajambule nkhope m'mphindi zochepa. Kuseri kwake, pa nambala 12 mumsewu wa Cortot, nyumba imene Valadon ankakhala ndi mwana wake inasanduka malo osungira mbiri ya phirili, ndipo chipinda chake chojambuliramo anachikonza monga chinalili, ndi mawindo ake aakulu olowetsa kuwala.