Abwana akafuna pasiwedi yanu ya Facebook

Mu 2010, Robert Collins, woyang'anira akaidi m'chigawo cha Maryland ku America, anatenga tchuthi mayi ake atamwalira. Pobwerera kuntchito anayenera kufunsidwanso mafunso, ndipo mkati mwa mafunsowo wofunsayo anamuuza kuti apereke pasiwedi yake ya Facebook, ati kuti aone ngati sagwirizana ndi magulu a zigawenga. Collins anapereka, poti ntchitoyo ankaifuna. Anangokhala pampando n'kumaonerera munthu wina akusanthula mauthenga ake ndi zithunzi za abale ake.

Anakadandaula ku bungwe lomenyera ufulu la ACLU, nkhani n'kutchuka. Mu 2012 Maryland inakhala chigawo choyamba ku America kuletsa olemba ntchito kupempha pasiwedi ya wantchito kapena ya munthu wofunsira ntchito, ndipo lamulolo linayamba kugwira ntchito pa 1 October chaka chomwecho. A Illinois ndi California anayamba pa 1 January 2013, pamene New York inadikira mpaka March 2024. Lero zigawo zoposa 20 zili ndi malamulo otere, koma lokhudza dziko lonse la America kulibe, ngakhale aphungu anayesapo kulibweretsa ku Congress. Choncho antchito awiri a kampani imodzi akhoza kutetezedwa mosiyana chifukwa chongokhala m'zigawo zosiyana.

Abwana ochenjera akanatha kunena kuti, "Chabwino, pasiwedi khalani nayo, mungotsegula foniyo ine ndione." Lamulo la California linatseka mpata umenewu: n'zoletsedwa kuuza wantchito kuti atsegule akaunti yake pamaso pa abwana. Zigawo zina zinaonjezera kuti munthu asakakamizidwe kuvomera abwana ngati mnzake pa Facebook. Ndipo wokana sayenera kuchotsedwa ntchito, kulangidwa kapena kumanidwa mwayi wolembedwa chifukwa chakuti wakana.

Wina angafunse kuti vuto lili pati ngati munthu wavomera yekha. Kwa ife ogwira ntchito za malamulo, chilolezo chimene munthu wapereka akuopa kugona ndi njala n'chokayikitsa kwambiri. Komanso muakaunti yanu simuli zinsinsi zanu zokha. Muli zimene mlongo wanu anakuuzani za banja lake, muli mnzanu amene anakuululirani matenda ake, ndipo anthu amenewa palibe anawafunsa. Ngakhale abwanawo akudziputira milandu. Akalowa n'kupeza kuti wofunsira ntchito ndi woyembekezera kapena ndi wa chipembedzo chakutichakuti, kenako osamulemba, adzavutika kutsimikizira khoti kuti sanamusale. Kampani ya Facebook nayo inachenjeza olemba ntchito za zimenezi mu March 2012.

Koma apa ndi pamene ambiri amasokonezeka. Malamulowa amateteza chitseko cha akaunti yanu, osati chilichonse chimene mwalemba. Zimene mwaika poyera, zoti aliyense akhoza kuwerenga, abwana ali ndi ufulu kuziwerenga. Foni, laputopu kapena akaunti imene kampani inakupatsani, pasiwedi yake akhoza kuifuna. Malamulo ambiri amalolanso kampani kupempha uthenga wokhudza nkhani imene ikufufuzidwa, monga pamene pali umboni wakuti wantchito akutulutsa zinsinsi za kampani kapena akuzunza mnzake.

Ngakhale pa zipangizo za kampani, abwana ali ndi malire. Bogdan Bărbulescu wa ku Romania anachotsedwa ntchito mu 2007 atapezeka kuti ankalemberana ndi mchimwene wake komanso bwenzi lake pa Yahoo Messenger ya kuntchito. Mu September 2017 khoti la ufulu wa anthu la ku Ulaya linagamula kuti ufulu wake unaphwanyidwa, makamaka poti makhoti akwawo sanafufuze ngati anachenjezedwa pasadakhale kuti mauthenga ake aziwerengedwa, ndiponso ngati panalibe njira ina yofewerapo.

Abale athu amene akugwira ntchito ku South Africa akumbukire mlandu wa Sedick ndi mnzake wotsutsana ndi kampani ya Krisray, umene bungwe loweruza mikangano ya pantchito la CCMA linagamula mu 2011. Awiriwa ananyoza akuluakulu awo pa Facebook, ndipo kuchotsedwa kwawo kunapezeka koyenera chifukwa masamba awo anali otsegukira aliyense. Panalibe chinsinsi choti chitetezedwe. Kuno ku Malawi, munthu wokakamizidwa kupereka pasiwedi angatsamire pa gawo 21 la malamulo oyendetsera dziko, limene limateteza chinsinsi cha munthu kuphatikizapo mauthenga ake, komanso pa lamulo loteteza mbiri ndi zinsinsi za anthu la Data Protection Act la 2024.

Chimene ine ndimaona kuti chimagwetsa anthu ambiri si pasiwedi ayi. Ndi mnzanu wa muofesi momwemo amene ali pagulu lanu la WhatsApp, amene amajambula zimene mwalemba usiku n'kukazionetsa kwa abwana m'mawa. Abwanawo sanapemphe kanthu, sanathyole chitseko, angolandira. Lamulo la New York, lomwe ndi limodzi mwa atsopano, limachita kunena kuti pofufuza mlandu wa kuntchito abwana akhoza kuona chithunzi kapena uthenga umene munthu wina wabweretsa mwa kufuna kwake.