Kuchokera pa dzombe kufika pa mbozi: mkangano wa thandizo lochedwa ku Angónia

Mvula ikakhazikika, chimanga n'kufika m'mawondo, kuno ku Angónia, Tsangano ndi Macanga, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, kumabuka mkangano womwewomwewo wa chaka chatha. Alimi amafunsa kuti mankhwala a boma ophera mbozi ya m'chimanga ali kuti. Alangizi amati nkhani anaipereka kale kwa akuluakulu, chikudikirika ndi ndalama. Mkanganowu uli ndi kumene unachokera, ndipo sunayambe ndi mbozi.

Unayamba ndi dzombe. Agogo anga aakazi, amene anakulira kufupi ndi phiri la Dómuè, ankati likamabwera dzuwa linkachita mdima, nthambi n'kumathyoka ndi kulemera kwake. Anthu ankaimba zitini, kusonkha utsi, ndipo m'mamawa likadali lofooka ndi chisanu ankaliwola m'madengu kukachita ndiwo. Umenewo unali mliri wa dzombe lofiira wa 1930 mpaka 1944, umene unabadwira kutali kumadambo a Mweru wa Ntipa ku Zambia ndi Rukwa ku Tanzania, n'kufalikira pafupifupi chigawo chonse cha kum'mwera kwa Africa. Maboma a nthawiyo anaona kuti kulimbana ndi dzombe litauluka kale n'kutaya mphamvu. Choncho mu 1949 anakhazikitsa gulu lolilondera kumene limaswerana, likulu lake ku Abercorn, komwe lero ndi Mbala. Mu 1970 ntchitoyo inatengedwa ndi bungwe la maiko lolimbana ndi dzombe lofiira la IRLCO-CSA, lomwe lili ku Ndola, ndipo Mozambique ndi membala wake. Mpaka pano madambo a Búzi ndi Gorongosa ku Sofala, komanso a nyanja ya Chilwa ku Malawi, amayenderedwa dzombe lisanamere mapiko. Ine ndimaona kuti pamenepa ndi pamene ndalama za boma zinagwira ntchito yeniyeni, chifukwa zinkaikidwa padera tsoka lisanagwe. Ana ambiri a lero sanaonepo thambo litada ndi dzombe.

Nkhondo yapachiweniweni ya zaka 16 kuno ku Mozambique inabalalitsa zonse. Midzi yambiri ya ku Angónia inatsala mabwinja, eni ake ali ku Dedza ndi Ntcheu. Pobwerera pambuyo pa mtendere wa pa 4 October 1992, anabwera ndi kalimidwe ka ku Malawi: mbewu ya makono, feteleza, ngakhale maina a tizirombo. N'chifukwa chake mbozi imene mapepala a ku Maputo amaitcha lagarta do funil do milho, ife timangoti ntchemberezandonda monga anzathu a tsidya lija.

Mbozi imeneyi kwawo ndi ku America. Inaoneka koyamba ku Africa kuchiyambi kwa 2016, cha ku Nigeria, ndipo pofika 2017 inali itatipeza. Amayi anga poyamba ankayesa kapuchi wamasiku onse. Tsiku lina m'mamawa ananditengera kumunda, natambasula mtima wa phesi limodzi ndi zala. M'katimo munali zinyenyeswa zonyowa ngati utuchi, masamba ang'onoang'ono atabooledwa mondondozana, ndipo pansi pake chinali chitapindika chimbozi chonenepa, pamutu pake pali chizindikiro ngati mphanda yozondoka. Anangoti, "Mwanawe, uyu si kapuchi." Tinayang'ana mzere wonse, phesi lililonse linali ndi yake.

Mboziyi inafika pa nthawi yoipitsitsa. Chilala cha 2015 ndi 2016 chinali chitapukuta nkhokwe. Mu April 2016 zinaululika ngongole zobisika za boma, za pafupifupi madola mabiliyoni awiri, ndipo bungwe lobwereketsa ndalama ku maiko la IMF pamodzi ndi maiko amene ankathandiza bajeti ya dziko anaimika thandizo lawo. Ndalama yathu ya metikali inagwa, katundu wochokera kunja, kuphatikizapo mankhwala a mbewu, anakwera mtengo. Boma ndi bungwe la United Nations loona za chakudya ndi ulimi la FAO anachitapo ndithu kanthu: alangizi anaphunzitsidwa, misampha yogwira agulugufe inatcheredwa, mankhwala anagawidwa m'madera ena. Koma tsidya lina la msewu wa ku Lizulu tinamva pa wailesi mu December 2017 kuti Pulezidenti Peter Mutharika walengeza kuti maboma 20 mwa maboma 28 a Malawi agwa m'tsoka chifukwa cha mbozi yomweyi. Anthu athu anayamba kufunsana kuti nanga ife, minda yathu yogundana malire ndi yawo, sitinagwe m'tsoka?

Apa ndi pogona nkhani. Ndalama zadzidzidzi zimayenda mwa mapepala, mbozi imayenda mwa masiku. Gulugufe wake amatha kuuluka makilomita 100 usiku umodzi, wamkazi amaikira mazira mazanamazana, ndipo kukatentha m'badwo watsopano umatuluka pakatha mwezi umodzi wokha. Mankhwala amagwira bwino mbozi ikadali yaing'ono, isanalowe mu mtima wa chimanga. Tsono chaka cha ndalama za boma kuno chimatha pa 31 December n'kuyamba pa 1 January, pakatikati penipeni pa dzinja. Mabuku akale akutsekedwa, atsopano sanatsegulidwe bwino, chimanga ndiye chili pa msinkhu wodyedwa. Onjezeraniponso kuti m'miyezi yomweyo muli madzi osefukira ndi anamondwe. Mtsinje wa Revúbuè utasefukira mu 2019, kapena mlatho wake utagwa ndi namondwe Ana mu January 2022, ndani akanatsutsa kuti ndalama zithamangire kumeneko? Mlatho wakugwa aliyense amauona. Munda wodyedwa amauona mwini wake yekha.

Za udzu woononga ndiye sizitchulidwa n'komwe kuti ndi ngozi. Namasupuni, wochokeranso ku South America, amayandama mu Zambezi, kutchinga madooko ndi kukola maukonde a asodzi. Kaufiti, yemwe ndi wathu wakalekale, amayamwa mizu ya chimanga pansi pa nthaka, maluwa ake ofiira akamaoneka ntchito waimaliza. Mbewu zake zimakhala m'dothi zaka zambiri, ndipo mankhwala ake ndi manyowa, kasinthasintha ndi soya kapena mtedza, ndi kumuzula asanabereke. Zimenezi zimafuna mlangizi wokhala ndi njinga yamoto yokhala ndi mafuta chaka chonse, osati thumba lotsegulidwa kamodzi zinthu zitavuta. Ntchemberezandonda nayo yakhala mbadwa tsopano. M'madimba a chimanga chachilimwe imapeza podikirira mvula. Kuitchabe mlendo wadzidzidzi patatha zaka zonsezi sikundikhutiritsa, makamaka m'dziko limene likulu lake, Maputo, ndi kumene atsogoleri a Africa analonjezana mu 2003 kuti magawo 10 pa 100 aliwonse a bajeti azipita ku ulimi.

Pakadali pano anthu akudzithandiza okha. Amene ali ndi kangachepe amagula timabotolo pamisika ya m'malire, tina topanda chikalata chofotokoza muyezo, n'kupopera opanda chotchinga kumphuno, mwana ali kumbuyo. Amayi anga anasiya zimenezo atadwala mutu masiku atatu. Iwo amasefa phulusa, kusakaniza ndi mchenga wa kumtsinje, n'kumathira pang'onopang'ono ndi zala mu mtima wa phesi lililonse mame asanaume. Munda wathu wa kuseri kwa nyumba umawatengera masiku anayi, ndipo mvula ikagwa yamphamvu amayambiranso pa mzere woyamba.