Chilatini, lojiki ndi Euclid: mafunso ndi mayankho pa maphunziro a kusekondale m'njira ya Chikhristu ya classical

Kodi njira imeneyi ndi yotani, ndipo inachokera kuti?

Dzina lakuti classical likuloza ku maphunziro a Agiriki ndi Aroma akale, amene mpingo unawatola n'kuwaphunzitsa kwa zaka mazanamazana m'nyumba za amonke ndi m'masukulu a pa matchalitchi akuluakulu a ku Ulaya. Maphunzirowo analipo 7, m'magulu awiri. Gulu loyamba, trivium, ndi la mawu: galamala, lojiki (luso loganiza molondola) ndi retoriki (luso lolankhula mokopa anthu). Lachiwiri, quadrivium, ndi la manambala: kuwerengetsa, jometiri, nyimbo ndi zakuthambo.

Sukulu za masiku ano zotsata njirayi zinadzuka makamaka ku America. Mu 1947 mlembi wa ku England, Dorothy Sayers, anakamba nkhani ku Oxford yodandaula kuti ana akuphunzitsidwa zinthu zambirimbiri koma sakuphunzitsidwa kaphunziridwe kake. Logos School ya ku Moscow, m'chigawo cha Idaho, inatsegulidwa mu 1981 potsata maganizo akewo, ndipo buku la Douglas Wilson la mu 1991, Recovering the Lost Tools of Learning, linafalitsa njirayi kwa makolo ndi mipingo yambiri.

Nanga kusekondale mwana amakhala pa gawo liti?

Sayers anagawa trivium potengera msinkhu. Mwana wamng'ono amakonda kuloweza, ndiye wa galamala. Akafika zaka za m'ma 12 mpaka 14 amakonda makani, ndiye nthawi ya lojiki. Akapitirira pamenepo amafuna kumvedwa, ndiye nthawi ya retoriki. M'kawerengedwe ka ku America, lojiki imagwera cha mu giredi 7 mpaka 9 ndipo retoriki mu giredi 10 mpaka 12, ngakhale sukulu zina zimasuntha malirewo ndi chaka chimodzi.

Tinene poyera kuti kagawidwe kameneka ndi ka Sayers mwini, akale sankagawa motero. N'kothandiza pokonza ndondomeko, koma musakatenge ngati lamulo. Wazaka 17 akayamba Chigiriki amabwerera pa galamala, kuloweza zilembo 24 ngati mwana wa pulayimale.

Ndi maphunziro ati amene amapezeka pa ndandanda ya mlungu?

Pa zaka zisanu ndi chimodzi za sekondale mupeza Baibulo ndi zaumulungu, mbiri, mabuku akuluakulu akale, Chilatini, lojiki kwa zaka ziwiri kapena zitatu zoyambirira, retoriki kwa zaka ziwiri kapena zitatu zomaliza, masamu, sayansi, nyimbo, zojambula ndi masewera olimbitsa thupi. Sukulu zina zimawonjezera Chigiriki cha Chipangano Chatsopano kapena chilankhulo chamakono. Zambiri zimaphatikiza mbiri, mabuku ndi zaumulungu kukhala phunziro limodzi lalitali, la mapiriyodi awiri otsatizana, kuti mwana amene akuwerenga Augustine adziwenso kuti Roma anafunkhidwa mu 410 ndiponso kuti kugwa kwa mzindawo ndi kumene kunamulembetsa buku lake la City of God.

Chilatini palibe dziko limene limachilankhula. Mwana azivutikiranji nacho?

Zifukwa zilipo zitatu, koma chachikulu n'chakuti Chilatini sichilola ulesi powerenga chiganizo. Ntchito ya dzina imaoneka kumapeto kwa liwu, osati pamalo pamene liwulo laikidwa. Puella nautam videt ndi kuti mtsikana akuona woyendetsa ngalawa. Puellam nauta videt, mawu ali m'malo omwewo, koma tsopano woyendetsa ngalawa ndi amene akuona mtsikana. Chasintha ndi chilembo cha m chokha, chimene chikusonyeza pamtherankhani. Amene amalankhula Chichewa sangadabwe kwambiri, poti ifenso timagwirizanitsa dzina ndi mneni. Kusiyana kwake n'kwakuti ife timasintha kumayambiriro kwa liwu pamene Chilatini chimasintha kumapeto. Zifukwa zinazo ndi izi: mawu ambiri a Chingerezi, Chifalansa, Chipwitikizi, a zamalamulo ndi a zachipatala anachokera kumeneko, komanso mabuku ochuluka a mpingo wa kumadzulo analembedwa m'Chilatini.

Ntchito yake imayenda motere. Zaka ziwiri zoyamba mwana amaloweza magulu asanu a mayina, mathero a dzina pa ntchito zake zisanu ndi imodzi m'chiganizo, ndi magulu anayi a aneni. Chaka chachitatu amayamba kuwerenga zolemba zenizeni. Malo abwino oyambira ndi Vulgate, Baibulo limene Jerome anayamba kumasulira mu 382, chifukwa ziganizo zake n'zosavuta ndipo nkhani zake mwana amazidziwa kale. Kenako pamabwera Caesar, Cicero, ndipo pomaliza ndakatulo ya Virgil.

Pamene zinthu zimalakwika ndi pa kuloweza. Mwana amaimba mathero onse molondola ngati nyimbo, koma mukamupatsa chiganizo amangolota tanthauzo poyang'ana mawu amene akuwadziwa. Mankhwala ake n'kumuuza kuti asanamasulire apeze mneni, anene mwininkhani, n'kutchula ntchito ya dzina lililonse. Ndipo mphindi 15 tsiku lililonse zimaposa maola awiri kamodzi pa mlungu, pakuti mathero amathawa m'mutu msanga.

Mu lojiki amaphunziramo chiyani kwenikweni?

Mbali ziwiri. Yoyamba ndi kuzindikira mfundo zopotoka zimene timamva tsiku ndi tsiku: kunyoza munthu m'malo moyankha zimene wanena, kumupangira mnzako mfundo yofooka imene iye sananene kuti uigwetse mosavuta, kapena kunena kuti chinthu chachitika chifukwa cha china pongoona kuti chinacho chinayamba kuchitika.

Yachiwiri ndi ya Aristotle, ndipo ili ndi malamulo ngati masamu. Mwana amayamba ndi kutanthauzira mawu bwinobwino, kenako amaphunzira mitundu inayi ya ziganizo imene imalembedwa ndi zilembo A, E, I ndi O: zonse zili choncho, palibe chimene chili choncho, zina zili choncho, zina sizili choncho. Akatero amafika pa silojizimu, mfundo ziwiri zobala yachitatu. Mbalame zonse zili ndi nthenga, kadzidzi ndi mbalame, choncho kadzidzi ali ndi nthenga. Imeneyi yaima bwino. Koma tamvani iyi: nsomba zonse zimakhala m'madzi, mvuu imakhala m'madzi, choncho mvuu ndi nsomba. Aliyense akudziwa kuti yalakwika, koma wophunzira lojiki ayenera kuloza pamene yathyokera: mawu olumikiza, okhala m'madzi, sanakhudze zonse zokhala m'madzi m'mfundo iliyonse mwa ziwirizo. Silojizimu ingaumbidwe m'njira 256, ndipo zolondola ndi 24 zokha pa kawerengedwe kakale.

Ana ambiri amasokoneza mfundo youmbidwa bwino ndi mfundo yoona. Mutha kuumba silojizimu yopanda banga pa maziko abodza, mapeto ake n'kukhala abodza. Vuto lina ndi la khalidwe. Wazaka 13 akangodziwa mayina a mfundo zopotoka amayamba kuwaponyera aliyense, makolo ake omwe. Mphunzitsi wabwino amamukakamiza kuti asanatsutse afotokoze kaye maganizo a mnzakeyo mpaka mwiniwake avomereze kuti n'zimenedi amatanthauza.

Kodi retoriki si kungophunzitsa ana kukometsa pakamwa?

Ikhoza kukhala choncho ikaphunzitsidwa lojiki isanakhazikike, n'chifukwa chake imabwera pambuyo. Aristotle anati womvera amakopeka ndi zinthu zitatu: khalidwe la wolankhula, mmene mtima wa womverayo wakhudzidwira, ndi mphamvu ya mfundo. Aroma, monga Cicero, anagawa ntchito ya wolankhula pasanu: kupeza zonena, kuzisanja, kusankha mawu, kuloweza, ndi kuziyankhula pagulu. Nkhaniyo payokha ili ndi zigawo zisanu ndi chimodzi: malonje, kufotokoza mmene nkhani ilili, kunena mfundo zimene zikambidwe, umboni, kuyankha otsutsa, ndi mawu otsekera.

Sukulu zambiri zimakonzekeretsa ana ndi masitepe 14 a Aphthonius, mphunzitsi wakale wa retoriki, otchedwa progymnasmata. Amayamba ndi kufotokozanso nthano m'mawu awoawo, kenako kutambasula mwambi, kutsutsa kapena kuikira kumbuyo nkhani, kuyamikira, kudzudzula, kuyerekeza, mpaka kufika potsutsa kapena kuteteza lamulo.

Chimake cha zonse ndi chimangirizo chachikulu cha chaka chomaliza. Wophunzira amasankha funso limene anthu anzeru amasiyanapo maganizo, amafufuza kwa miyezi ingapo, amalemba, n'kudzalankhula pamaso pa anthu ndi kuyankha mafunso a oweruza. Ambiri amagwa posankha mutu. Mutu wakuti chilungamo n'chabwino ulibe wotsutsa, ndiye palibe choteteza. Mutu wakuti nkhondo ndi waukulu moti chaka sichikwana. Koma funso lakuti kodi Mkhristu angakane kupita kunkhondo imene boma lake lalamula lili ndi mbali ziwiri, ndipo mabuku okambapo alipo.

Mbiri ndi mabuku amaziyendetsa bwanji?

Motsata nthawi. Kagawidwe kodziwika ndi ka zaka zitatu, nyengo yakale, nyengo yapakati ndi nyengo yamakono, kenako kubwerezanso zaka zina zitatu ndi mabuku olimba. Ena amazungulira pa zaka zinayi. Pa nyengo yakale pamakhala Homer, Herodotus, Plato ndi Virgil pambali pa Chipangano Chakale ndi Chatsopano. Yapakati imabweretsa Athanasius wa ku Alexandria, Augustine wa ku Hippo, onsewa a kumpoto kwa Africa, komanso Boethius ndi Dante. Yamakono imayamba cha pa Luther mu 1517, n'kudutsa pa Shakespeare ndi Milton.

Kalasi imakhala ya kukambirana. Ana amabwera atawerenga, mphunzitsi amafunsa, ndipo aliyense woyankha amaloza tsamba ndi mzere pamene watenga yankho lake.

Apa ndi pamene sukulu zatsopano zimadziphera. Zimalemba mabuku 20 pa chaka kuti ndandanda ioneke yolemera, ana n'kumangowerenga zidule za pa intaneti. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Iliad ya Homer yokha ili ndi zigawo 24, ndipo pa zigawo zitatu pa mlungu imadya milungu isanu ndi itatu. Mabuku akuluakulu asanu kapena asanu ndi limodzi owerengedwa mpaka kumapeto ndi okwanira pa chaka.

Akhristu aziwerengeranji mabuku a anthu opembedza mafano?

Funsoli ndi lakale. Tertullian, mlembi wa mpingo wakale, anafunsa kuti Atene ali ndi chiyani ndi Yerusalemu. Augustine anayankha ndi fanizo la Aisraeli amene anatuluka mu Iguputo atatenga golide wa Aiguputo: choonadi chilichonse chimene achikunja anapeza n'cha Mulungu, ndipo Mkhristu achitenge n'kusiya mafanowo. Paulo nayenso anatchula alakatuli a Chigiriki polalikira ku Atene, pa Machitidwe 17. Choncho mwana amawerenga mu Iliad za mkwiyo wa Achilles n'kufunsidwa kuti ulemerero umene ngwaziyo ikufuna ukusiyana bwanji ndi wa pa Afilipi 2.

Nanga phunziro la Baibulo limasiyana bwanji ndi Sande sukulu?

Limakhala ndi mayeso ndi zimangirizo ngati maphunziro ena onse. Zaka zoyamba amadutsa m'Baibulo lonse motsata nkhani yake. Kenako amaphunzira kamasuliridwe ka malemba, mbiri ya mpingo ndi misonkhano yake, monga wa ku Nicaea mu 325 ndi wa ku Chalcedon mu 451, kenako ziphunzitso, ndipo pomaliza kuteteza chikhulupiriro. Funsani msanga kuti sukuluyo imatsamira mpingo uti, pakuti zilipo za Chikatolika, za Chiprotestanti ndi za Orthodox, ndipo zimasiyana pa nkhani monga ubatizo ndi kamvedwe ka masiku a chilengedwe pa Genesis 1.

Kodi masamu ndi sayansi sizitsalira?

Zimatsalira ndithu ngati oyambitsa sukulu onse ndi okonda mabuku okhaokha, ndipo ili ndi dandaulo loona. Pa ndondomeko yabwino mwana amayenda kuchokera pa aljebra, jometiri, trigonometry mpaka calculus, ndipo amachita bayoloje, kemisitiri ndi fizikisi ndi zoyeserera za mu labotale.

Chapadera ndi Euclid, amene analemba Elements cha m'ma 300 Yesu asanabadwe. Buku loyamba mwa mabuku ake 13 limayamba ndi matanthauzo 23, mfundo zisanu zongovomerezedwa ndi mfundo zina zisanu zodziwika kwa aliyense, n'kumanga pamenepo mfundo 48 zotsimikiziridwa, iliyonse itatsamira pa zam'mbuyo. Ya nambala 47 ndi ija ya Pythagoras. Mwana amaima pa bolodi ndi rula yopanda manambala ndi kampasi, n'kutsimikizira mfundo popanda buku, anzake akumufunsa kuti mzere uwu wautenga pati. Ndi lojiki yomwe ija itavala zojambula, n'chifukwa chake n'kwanzeru kuika jometiri chaka chotsatira silojizimu. Koma Euclid salowa m'malo mwa aljebra, ndipo sukulu yothera zaka ziwiri pa iye yekha imachedwetsa mwana kufika pa calculus.

Mwana wolowa mochedwa, amene sanachitepo Chilatini kapena lojiki, angakwanitse?

Angakwanitse akalowa cha mu giredi 7 mpaka 9. Lojiki ya chaka chimodzi itha kupanikizidwa m'miyezi yochepa kwa mwana wamkulu. Chilatini sichipanikizika motero, ndipo ndi bwino kumuika m'kalasi ya oyamba kumene kusiyana ndi kumuponya pa Caesar asakudziwa mathero. Wolowa zaka ziwiri zomaliza ayambe ndi lojiki ndi kalembedwe, popeza chimangirizo chachikulu chija chikumudikira.

Nanga za mayeso ndi kulowa ku yunivesite?

Njirayi payokha ilibe satifiketi imodzi yodziwika padziko lonse. Ku America ophunzira amalemba mayeso a SAT kapena ACT monga anzawo onse, ndipo kuyambira 2015 kulinso Classic Learning Test, imene makoleji ena amalandira. Kumayiko kumene kulowa ku yunivesite kumadalira mayeso a boma, mwana ayenera kulembabe mayesowo, ndipo silabasi yake siyenderana yokha ndi Homer kapena Euclid. Musanalembetse mwana, pemphani ndandanda ya zaka zonse zisanu ndi chimodzi, muiike pambali pa silabasi ya mayeso, muone mitu ya sayansi ndi masamu imene ikusowa ndi chaka chimene sukuluyo idzaiphunzitse. Funsaninso kuti wophunzitsa Chilatini anafika nacho pati, ndiponso kuti labotale ili ndi zipangizo zotani.