Simbi ya tsitsi ikachita makoko

Mwezi watha kasitomala wanga wina anabwera ku saluni atanyamula flat iron yake m'kajumbo. "Achemwali, tandionereni simbi iyi, ndikuona ngati yatha basi. Kale ndinkangodutsitsa kamodzi tsitsi n'kuwongoka, pano mpaka kanayi, ndiye likumanunkha ngati mutu wa mbuzi wowawula." Nditaikanula ndinapeza m'mphepete mwa mapuleti muli litsiro lakuda, lokhuthala, louma gwa ngati makoko a nsima pansi pa poto. Ndinaikhalira pansi mphindi 20, ndi kansalu, thonje ndi soda, ndipo tsiku lomwelo inagwira ntchito ngati yatsopano. Koma tsitsi lake kunsonga linali litapsa kale, linkangothothoka ukalikhudza, moti tinalidula. Zinandipweteka mtima chifukwa analisunga zaka zitatu.

Makoko amenewa amachokera m'mutu mwathu momwemu. Tsitsi lathu timalidzoza kwambiri: hair food, Vaseline, mafuta a nsatsi, gel, ndiponso mafuta oteteza kutentha aja, amene ambiri amakhala ndi silicone. Kuwonjezera apo khungu la m'mutu limatulutsa mafuta akeake, palinso thukuta, ndi fumbi la m'chilimwe. Zonsezi zikakhudza puleti yotentha madigiri 200, zina zimauluka, zotsalazo zimapsa n'kumamatira. Mawa pamwamba pake pabweranso zina. Pakatha miyezi itatu puleti imakhala itavala chikhoto.

Chikhoto chimenechi chimatchinga kutentha, koma sichitchinga mofanana. Pena puleti imakhala pamtunda ndipo ikuotcha kwambiri, pena yakwiririka. Tsitsi likadutsa limawongoka mbali imodzi, mbali ina ayi. Mwini wake akaona choncho amachita zomwe aliyense angachite: amakweza moto, n'kubwereza malo omwewo katatu kanayi. Apa m'pamene tsitsi limapsera. Komanso tsitsi lililonse kunja kwake kuli timamba tosanjikizana ngati ta nsomba, ndipo timambati tikagona bwino m'pamene tsitsi limawala. Puleti yosalala imatigoneka, ya makoko imatikokera m'mwamba ndi kutithyola. Mukamva simbi ikukoka tsitsi kapena kulikola, musalimbane ndi tsitsilo, yang'anani mapuleti.

Nkhani ya moto ndiyofunika ndiikhalire pang'ono, chifukwa ndi imene imandichititsa kukakamira zaukhondo wa zipangizozi. Simbi zambiri zimafika madigiri 230. Tsitsi linapangidwa ndi keratin, chinthu chomwecho chimene chimapanga zikhadabo, ndipo pafupi ndi madigiri amenewa keratin amayamba kuwonongekeratu. Tsitsi limene lili kunja kwa khungu ndi lakufa kale, silipola ngati bala. Likapsa lapsa, mumangodikira lina limere. N'chifukwa chake kampani ya ghd ya ku Britain simbi zake zambiri inazimangirira pa madigiri 185 popanda pokwezera. Ine tsitsi loika relaxer kapena lodaya sindilipitiriza pa 160 kapena 170, chifukwa mankhwala analifewetsa kale. La chilengedwe lolimba ndimafika nalo pa 190, mwina 200 ngati ndi lokhuthala kwambiri. Simbi yoyera imakwanitsa ntchito pa moto umenewu mukangodutsitsa kamodzi kapena kawiri. Samalaninso manambala: simbi zina, makamaka zochokera ku America, zimawerenga mu Fahrenheit. Ikalemba 450 ndiye kuti ili pa madigiri 232 athuwa a Celsius, 350 ndi 177.

Phunziraninso kusiyanitsa nthunzi ndi utsi. Utsi wonunkha ndi mafuta akale amene akupsa pa puleti. Nthunzi yoyera yolira kuti tsss ndi madzi, ndipo ikutanthauza kuti tsitsi silinaume. Madzi amawira pa madigiri 100 okha, ndiye akawirira m'kati mwa tsitsi amapangamo timabowo ngati thovu, tsitsi n'kumaduka pamalo pomwepo. Madokotala a khungu vutoli amalitcha bubble hair.

Katsukidwe kake n'kosavuta. Mukamaliza ntchito zimitsani, zulani pulagi ku khoma, dikirani mpaka puleti itsale yofunda moti mutha kuikhudza ndi dzanja. Nthawi imeneyi mafuta amakhala asanalimbe. Pukutani ndi kansalu kofewa konyowa pang'ono, kofinya bwino, kosadontha. Mukamachita zimenezi tsiku lililonse limene mwaigwiritsa ntchito, makoko sadzabwera n'komwe, ndipo zimatenga mphindi imodzi.

Ngati makoko alipo kale, dikirani simbi izizire kwathunthu, kenako nyowetsani thonje ndi spiriti n'kupukuta. Woyera wa ku famase uja ndi amene ndimakonda, chifukwa wapepo nthawi zina amasiya mtundu pa mapuleti oyera. Spiriti amayaka msanga, choncho asayandikire simbi yotentha kapena mbaula, ndipo muyembekeze aume musanalumikizenso ku magetsi. Makoko okanika amachoka ndi soda, yemweyu wophikira therere. Sakanizani ndi timadzi pang'ono akhale ngati phala lolimba, pakani pa puleti, siyani mphindi 10, kenako tsukani mofatsa ndi mswachi wakale wofewa, simbi mutaiweramitsa kuti phalalo lisalowe m'kati. M'mphako za m'mbali mwa puleti, momwe litsiro limabisala kwambiri, lowetsani kamtengo kotokosera m'mano mutakakulunga thonje. Tong wopotera tsitsi n'chimodzimodzi, ingokumbukirani kukanula kachitsulo kopanira tsitsi kaja n'kupukuta kunsi kwake.

Chimene ndimaletsa kwambiri atsikana anga a ku saluni ndi sitiliwulu, mpeni ndi lezala. Mapuleti ambiri amene timati ndi a ceramic ndi aluminiyamu chabe wokutidwa ndi ceramic wopyapyala pamwamba. Mukapala kamodzi mwachotsa chokutiracho, ndipo pokalikapo pamasanduka pokolera tsitsi mpaka kalekale. Simbi yoti mapuleti ake akusupuka n'kuonetsa chitsulo cha pansi yafika potaya, ngakhale ikuyaka bwinobwino. Ndipo chilichonse cha magetsi sichiviikidwa m'madzi, ngakhale chili chozula.

Pali makoko ena apadera, a meshi kapena wigi ya pulasitiki. Tsitsi lochita kupangali likakhala kuti si lopirira kutentha limasungunuka n'kumatirira pa puleti. Likauma musalikande. Yatsani simbi pa moto wotsikitsitsa kwa kanthawi kuti pulasitikiyo ifewe, zimitsani ndi kuzula pulagi, kenako kankhani ndi kamtengo kapena nsalu yokhuthala yopinda kangapo kuti musapse zala.

Chipeso chamoto, chija amayi athu ankaika pa mbaula powotcha tsitsi Khirisimasi ikayandikira, chilipobe ndipo ine ndimachilemekeza. Anthu ambiri amati anachitulukira ndi Madam C. J. Walker wa ku America, koma zoona n'zoti zitsulo zotenthetsa za tsitsi zinalipo kale ku France m'zaka za m'ma 1870, masiku a katswiri wokonza tsitsi Marcel Grateau, ndipo Madam Walker anathandiza kuchifalitsa pakati pa akazi akuda kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Vuto la chipesochi ndi mwaye. Mafuta a tsitsi akakumana ndi utsi wa makala, pakati pa mano pamadzaza zakuda zimene zimabwerera m'tsitsi loti mwangolitsuka kumene. Ubwino wake chilibe waya, ndiye mano ake mutha kuwaviika m'madzi otentha a soda, chigwiriro chamtengo chili kunja, n'kukwecha ndi mswachi wolimba. Apa sitiliwulu ndimamulola. Umitsani bwino kuopa dzimbiri ngati ndi chachitsulo wamba. Popeza chilibe nambala yokuuzani kutentha, musanachiike m'mutu chipukuteni pa pepala loyera: likachita bulauni, chatentha kwambiri, dikirani.

Dryer imafa ndi kubanika. Kumbuyo kwake kuli kasefa kolowera mpweya, ndipo mpweyawo ndi umene umaziziritsa waya wotentha wa m'kati. Kasefako kakatsekeka ndi fumbi, ubweya wa matawulo ndi tizidutswa ta tsitsi, mpweya umachepa koma moto sukuchepa. Mphepo yotuluka imakhala yochepa ndi yootcha, tsitsi limachedwa kuuma, ndipo dryer imayamba kuzima yokha pakati pa ntchito. Kuzimako ndi kachipangizo kotetezera kamene kamadula magetsi kutentha kukapyola muyeso. Ikayamba khalidwe limeneli ikukuchenjezani, ndipo mukapitiriza idzapserera. Kasefa kambiri kamatseguka mukakapotokola. Kachotseni, kasaseni ndi mswachi wouma, kabwezereni. Ku saluni timachita zimenezi Loweruka lililonse, kunyumba kamodzi pa mwezi n'kokwanira. Chipeso chovekera kukamwa kwa dryer chimachoka, chitsukeni ndi sopo ngati mbale.

Za magetsi ndinenepo zinthu zimene ndaziona ndi maso. Zingwe zambiri zimaduka chifukwa chozikulunga mothina pa simbi, nthawi zina simbiyo ikadali yotentha. Timawaya ta m'kati timathyoka pamalo pamene chingwe chimalowera m'chigwiriro, ndipo chizindikiro chake n'choti simbi imayaka ndi kuzima mukagwedeza chingwe. Imeneyo siyaninso kugwiritsa ntchito mpaka katswiri asinthe chingwe, kumata tepi sikuthandiza. Pindani chingwe momasuka pachokha. Magetsi athu kuno ndi a 230V, pomwe a ku America ndi 120V, ndiye mukagula simbi pa kaunjika kapena achibale akakutumizirani, werengani kachizindikiro ka pa chigwiriro. Ikalemba 100–240V ili bwino. Ikalemba 120V yokha, adaputa yongosintha mano a pulagi sisintha mphamvu ya magetsi, ndipo chipangizocho chimapsa. Dryer yabwino imakoka mawati pafupifupi 2000, pomwe pulagi yathu ya mano atatu yokhala ndi fyuzi ya 13A imathera pa mawati 3000, choncho ma dryer awiri pa extension imodzi ndi kuitana moto. Ndipo magetsi akathima muli pakati pa ntchito, zulani pulagi nthawi yomweyo. Simbi zokhala ndi switch yokankha zimayambanso kutentha magetsi akabwera, mwina inu mutapita kumsika, iyo ili pa bedi.

Tibwere ku mabulashi ndi zipeso, zimene anthu amazinyalanyaza poganiza kuti zilibe ngozi. Munthu amathothoka tsitsi pakati pa 50 ndi 100 pa tsiku, ndipo lambiri limatsalira mu bulashi pamodzi ndi mfundu ndi mafuta. Litsiro lotuwa limene mumaliona patsinde pa mano ndi limenelo. Chotsani tsitsi ndi mchira wa chipeso mukangomaliza kupesa. Sabata iliyonse viikani zipeso ndi mabulashi apulasitiki m'madzi ofunda a shampu, kwechani ndi mswachi, tsukuluzani, yanikani mano ataloza pansi. Bulashi yamtengo kapena yokhala ndi kamtsamiro ka labala musaimize yonse, chifukwa mtengo umafufuma n'kung'aluka ndipo madzi otsalira kunsi kwa labala amachita chuku. Ingonyowetsani mano okha. Bulashi yozungulira yogwiritsa ntchito ndi dryer muziyang'ana nsonga za mano ake: zikasungunuka kapena timipira takunsonga tikagwa, imakanda khungu.

Chimene chimandidetsa nkhawa koposa ndi chipere cha m'mutu, makamaka kwa ana. Chimayamba ndi tizilombo ta mtundu wa fangasi, ndipo njere zake zimatha kukhala zamoyo pa chipeso kwa miyezi. Mwana mmodzi akabwera nacho kuchokera kusukulu, chipeso cha pawindo chija chimene aliyense amatola chimachigawa nyumba yonse. Ena amaganiza kuti mphepo yotentha ya dryer imapha tizilomboti pa bulashi, koma siifikapo. Sopo yekha amachotsa litsiro, kupha tizilombo ndi ntchito ina imene imabwera pambuyo pake. Mukatsuka ndi sopo, viikani zipeso zapulasitiki m'madzi a Jik, kapu imodzi ya Jik ku makapu 9 a madzi, kwa mphindi 10, kenako tsukuluzani kwambiri. Madziwa muzisakaniza atsopano tsiku lililonse chifukwa mphamvu yake imatha, musawaphatikize ndi mankhwala ena alionse, ndipo musaikemo zitsulo chifukwa zimachita dzimbiri. Zitsulo ndi za spiriti. Nsabwe zokha n'zofooka, sizipitirira masiku awiri zikachoka m'mutu, ndipo madzi otentha madigiri 55 kapena kuposa kwa mphindi 10 amazipha pa chipeso pamodzi ndi mazira ake.

Mayi akabwera ndi mwana wa zigamba zoyera m'mutu, ndimamutengera pambali kuti ena asamve, n'kumuuza kuti, "Mayi, mwanayu apite kaye kuchipatala." Chipere cha m'mutu sichitha ndi mankhwala opaka okha, chifukwa tizilombo timakhala m'kati mwa tsitsi mpaka kumizu. Chimafuna mankhwala akumwa kwa masabata angapo, monga griseofulvin, amene achipatala amapereka. Nthawi yonse imene akumwa mankhwala, mwanayo akhale ndi chipeso ndi tawulo zakezake, ndipo bulashi yamtengo imene ankagwiritsa ntchito ndi bwino kungoitaya, chifukwa singaviikidwe mu Jik.

Nanunso mukapita ku saluni muli ndi ufulu woona chipeso chimene akufuna kukuikani m'mutu. Makasitomala anga ena amabwera ndi zipeso zawo m'chikwama, ndipo ine sindikhumudwa nazo, ndimangowapempha kuti akafika kunyumba azikazitsuka.