Mbali ya CD imene tinkaiteteza si imene inali pangozi

Ambirife amene tinakula ndi ma CD tinkasunga lamulo limodzi: usakande mbali yonyezimira. Tikachotsa chimbale m'wailesi, tinkachigoneka chagada, mbali yolembedwa ili pansi, poganiza kuti tikuchisamala. Kumeneko kunali kulakwitsa.

CD, imene Sony ndi Philips anaitulutsa mu 1982, ndi yokhuthala mamilimita 1.2. Pafupifupi kukhuthala konseko ndi pulasitiki yoonekera mkati, yomwe kuwala kwa laser kumadutsamo kuchokera ku mbali yonyezimira ija. Nyimbo zili kumtunda, kufupi ndi mbali yolembedwa, pamene pali kachitsulo kopyapyala kwambiri ka aluminiyamu, kotetezedwa ndi utoto wochepa chabe ndi zolembazo. Mbali yonyezimira ikakandika, nthawi zambiri nyimbo zimakhalapobe, ndipo chimbale chikapukutidwa bwino chimatha kuimbanso. Koma mbali yolembedwa ikakandika mozama, kachitsuloko kamachoka, ndipo zimene zinali pamenepo zapita basi.

Ma CD-R amene tinkajambulapo tokha ndiwo amandimvetsa chisoni kwambiri. Tinkalemba maina a nyimbo ndi bolopeni, n'kumadinda mwamphamvu pamalo osalimba enieniwo. Komanso iwo amasunga zinthu pa utoto umene umawonongeka ndi dzuwa ndi kutentha.

DVD ndi yosiyana: zinthu zimakhala pakati pa mapulasitiki awiri, iliyonse ya mamilimita 0.6.

Ngati mukusungabe zimbale zanu zakale, muziziimika m'timakesi take, kutali ndi dzuwa. Popukuta, yambirani pakati kupita kunja, osati mozungulira.